Agogo ndi ana ku Devil's Lake: njira yoyenera ndi iti?

Achemwali, mwafunsa ngati amayi anu amene abwera kudzacheza, pamodzi ndi ana anu awiri aang'ono, angakwanitse kuyenda m'tinjira ta ku Devil's Lake State Park ku Wisconsin. Angakwanitse ndithu, bola musawatengere ku Balanced Rock Trail chifukwa choti ndiko kuli zithunzi zokongola pa Facebook.

Nyanjayi ili pafupi ndi tauni ya Baraboo, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchokera ku Madison, kapena maola atatu kuchokera ku Chicago kwanuko. Ndi kanyanja kakang'ono, koma kum'mawa ndi kumadzulo kwake kuli zitunda za miyala zotalika mamita pafupifupi 150. Amene anakwerapo Mulanje aseka akamva kutalika kumeneku, koma vuto si kutalika ayi. Vuto ndi mwala wake. Ndi quartzite, wolimba, wofiirira, wosalala, ndipo ukangonyowa ndi kamvula umaterera koopsa. Njira ya Balanced Rock ndi yaifupi, siikwana ngakhale kilomita imodzi, koma yonse ndi masitepe a miyala okwera chiimire, ena aatali moti mwana wa zaka zinayi amachita kukwawa ndi manja. Pamwamba pake malo ambiri alibe mpanda wotchinga. Mwana wothamangathamanga ameneyo mudzangokhalira kumukalipira, mtima uli m'mwamba.

Amayiwo musawapeputse. Munthu wozolowera kuyenda pansi kupita kudimba ndi kuchigayo amatiposa ife tongokhalira m'galimoto. Kukwera akwera. Chimene ndikuwaopera ndi potsika, chifukwa pa masitepe ngati amenewa mawondo ndi amene amalira.

Ndikanakhala ine ndikanachita chonchi. Imikani galimoto ku North Shore, gombe la kumpoto kwa nyanjayi. Nonse muyambe ndi Tumbled Rocks Trail, njira yotsata gombe la kumadzulo, yotalika kilomita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Ndi yosakwera, madzi ali mbali ino, mbali inayo kuli milu ya miyala ikuluikulu imene inagumuka kuchokera pamwamba kalekale. Ana amasangalala nayo kwambiri njira imeneyi. Mukafika kumapeto, agogo ndi wamng'onoyo abwerere momwe anadzera limodzi ndi munthu wamkulu mmodzi, ndipo amene ali ndi mphamvu akwere West Bluff Trail, yomwe imadutsa pamwamba n'kukatsikiranso ku North Shore komweko. Ili ndi masitepe nayonso, koma mukafika pamwamba nyanja yonse mumaiona bwinobwino, miimba ikuuluka m'munsi mwanu. Mukatero aliyense wapeza gawo lake ndipo mukumana pagombe nthawi ya nkhomaliro. Devil's Doorway (miyala yooneka ngati khomo pamwamba pa chitunda cha kum'mawa) ndi Balanced Rock zisungireni ulendo wina, ana akasinkhuka.

Mwana wamkuluyo mungamuuze kuti nyanjayi inapangika pamene madzi oundana akale anasiya dothi ndi miyala zimene zinatseka chigwachi mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake palibe mtsinje wotulukamo. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1911, koma anthu a mtundu wa Ho-Chunk ankalemekeza malowa kale kwambiri, ndipo pafupi ndi gombe pali milu ya dothi yakale imene eni dziko anaumba. Musalole ana kusewera pamenepo.

Lawirirani. Iyi ndi paki ya boma imene kumapita anthu ambiri kuposa ina iliyonse mu Wisconsin, ndipo Loweruka kapena Lamlungu nthawi yotentha malo oimika magalimoto amadzaza dzuwa lisanakwere kwenikweni. Pakati pa sabata ndiye pabwino mukapeza mpata kuntchito. Galimoto imafunika kulipiridwa polowa, ndipo ya nambala ya Illinois imalipira zambiri kuposa ya ku Wisconsin.

Mapatapata ndi a pagombe basi, m'njira aliyense avale nsapato zogwira pansi, amayinso chimodzimodzi ngakhale akane bwanji. Madzi akumwa mutenge okwanira, chifukwa pamwamba palibe mpopi. Njoka za rattlesnake ziliko koma siziwonekawoneka, ingowauzani ana asamapise manja m'mipata ya miyala. Zimene muyenera kusamala nazo kwambiri ndi nkhupakupa, poti ku Wisconsin zimafalitsa matenda a Lyme. Mukabwerera kunyumba muwayang'ane anawo thupi lonse madzulo omwewo, makamaka m'mutu, m'khwapa ndi kuseri kwa mawondo.