Tizotupa ta kumbuyo kwa lilime tija musatikhule asisi

Asisi amene mwafunsa kuti mwaunika mkamwa ndi tochi ya foni nkuona tizotupa tandandalika kumbuyo kwenikweni kwa lilime ndiye mukuopa khansa, choyamba mtima pansi. Zoti mutikhule ndi mchere kapena mandimu zimene ena akukuuzanizo chonde ayi, mungodzivulaza. Ngati tili mbali zonse ziwiri mofanana, tapanga V yoloza kukhosi, sitikupweteka komanso sitikutuluka magazi, timeneto munabadwa nato. Aliyense ali nato kungoti ambirife sititulutsa lilime mpaka kuona kumeneko. Timatchedwa circumvallate papillae, timakhala 8 mpaka 12, kalikonse kozunguliridwa ndi kangalande ndipo mmbali mwa kangalandeko ndi mmene muli maselo omvera kukoma. Pansi pake pali tizigawo totulutsa malovu amadzimadzi otsuka mngalandemo kuti mukameza ichi mumvenso kukoma kwa chotsatira. Ndiye mukatikanda mukulimbana ndi chinthu chimene chikukugwirirani ntchito.

Lilime palokha lilibe fupa, ndi minofu yokhayokha, magulu 8. Anayi amachokera kunja monga ku nsagwada ndi kafupa kapakhosi, amenewa ndi amene amalitulutsa ndi kulibweza, anayi enawo ali mkati momwemo osintha kaonekedwe, kulipinda, kulipyapyalitsa, nchifukwa chake timatha kuyankhula ndi kuumba mbamu ya nsima tisanameze. Pamwamba pa minofuyo ndi pamene pali khungu lonyowa lija, ndipo silosalala. Amene munakonzako lilime la ng'ombe logula ku butchala mukudziwa kachikopa kokhakhala kamene timasenda tikaliwiritsa, lathu lilinso choncho kungoti timinga take ndi tating'ono komanso tofewa. Timingati ndi tambirimbiri, sitimva kukoma, ntchito yake ndi kugwira chakudya. Mukadwala malungo osadya bwino, osamwa madzi, maselo akufa ndi tizilombo zimakodwa mmenemo lilime nkuyera, zimenezo zimachoka mukayamba kudya ndi kupukuta pang'onopang'ono ndi mswachi. Pakati pa timingato, makamaka kunsonga, muona timadontho tofiira, timeneto ndiye timamva kukoma. Zija ena tinaphunzira kuti kutsekemera kumamvekera kunsonga kokha, kuwawa kumbuyo kokha, sizoona, paliponse pamene pali maselowa pamamva mitundu yonse. Ndipo maselowa amasinthidwa pafupifupi masabata awiri alionse, ndiye mukapsa ndi tiyi mu June muja kuzizira kwa Mzuzu kwafika pake munthu ukungopsontha osadikira, pamasiku ochepa pamabwerera mwakale.

Khungu la mkamwa silofanana paliponse, yendetsani lilime mumve nokha. Nkhama ndi kumwamba kwa mkamwa chakutsogolo nkolimba, kuli keratin, chinthu chomwe chija chimapanga zikhadabo, ndipo khungulo linamatirira ku fupa chifukwa ndi kumene kumakhulana ndi chimanga chokazinga ndi nzimbe. Nkhama za anthu akuda ambiri zimakhala ndi mawanga oderako, imeneyo ndi melanin basi ngati wapakhungu, si matenda, ndimamva chisoni ndikaona amayi akuvutitsa mwana kumutsuka mpaka magazi ati zichoke. Mkati mwa masaya, mkati mwa milomo ndi pansi pa lilime nkofewa ndipo kumatambasuka, ndi kumene kumakonda kutuluka tizilonda toyera pakati tofiira mmbali tija topweteka ukadya zamchere, timapola tokha sabata imodzi kapena awiri. Pansi pa lilime ndiye popyapyala zedi mpaka mitsempha imaonekera yobiriwira, ndi chifukwa chake mankhwala ena amati muike pansi pa lilime osameza, amalowa mmagazi msanga.

Koma sindikufuna munthu awerenge izi nkumati basi chilichonse chamkamwa nchabwinobwino, apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Chotupa chikakhala mbali imodzi yokha, chikukula, cholimba mukachigwira, kapena chilonda chadutsa masabata awiri osapola makamaka mmphepete mwa lilime kapena pansi pake, pitani kuchipatala ngakhale chisakupweteka. Khansa ya mkamwa imakonda malo amenewo ndipo poyamba nthawi zambiri siipweteka, anthu amachedwa chifukwa chomwecho. Osuta fodya, oika fodya mkamwa ndi okonda kachasu ndi amene ali pachiopsezo kwambiri, amene muli ndi agogo kapena amalume oterowo muziwayang'anako. Zoyera zimene mukapukuta zimachoka nkusiya pofiira nthawi zambiri ndi fangasi, zimabwera mukamwa ma antibayotiki nthawi yaitali, shuga akakwera kapena chitetezo cha mthupi chikatsika, ndiye munthu wamkulu zikamubwerezabwereza akayezetse shuga ndi HIV osachita manyazi, chithandizo chilipo. Zoyera zosachoka mukapukuta, kapena mawanga ofiirira moderako kumwamba kwa mkamwa amene ena amakhala khansa yotchedwa Kaposi, zimenezo ndi zofunika adokotala aone ndi maso, osati chithunzi cha pa WhatsApp.

Inuyo asisi tengani galasi masana kukuwala, tulutsani lilime muyerekeze mbali yakumanja ndi yakumanzere, kenako muunikenso mchemwali wanu kapena bambo akunyumba muona V yomweyo. Mukaona kuti zanu zikusiyana, kapena mukuvutika kumeza, kapena pakhosi patuluka mwanabele wosachoka, yambirani ku chipatala cha Mapale ku Mzuzu ndi buku lanu lachipatala, akaona kuti nkofunika akutumizani kwa a mano ku Mzuzu Central. Mukawauze tsiku limene munayamba kuziona komanso mankhwala alionse amene mwakhala mukumwa.