Kodi n'kulakwa kukopera nyimbo yomwe ndimamvera kale ulere?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Nyimbo za pa YouTube aliyense amamvera osalipira. Ndikazikopera n'kuzisunga m'foni, ndalakwira ndani?"

Zikomo pofunsa. Ine ndikuona kuti wolakwiridwa alipo, ndipo ndi woimbayo.

Nyimbo imene mukumvera ulere pa YouTube kapena pa Spotify ili ndi oilipirira, omwe ndi makampani otsatsa malonda aja amakudulani pakati. Mukaiyimbitsa, makina a YouTube kapena a Spotify amawerenga. Kenako ndalama za otsatsa malonda, pamodzi ndi za anthu olipira mwezi ndi mwezi, zimagawidwa potengera kuti nyimbo iliyonse yamveredwa kangati. Spotify imanena kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zomwe imapeza pa nyimbo amapita kwa eni ake. Tsono mukaitulutsa nyimboyo pogwiritsa ntchito mawebusayiti osintha vidiyo kukhala MP3, mutha kuimvera chaka chathunthu koma kwa woimba sikuwerengedwa ngakhale kamodzi. Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti mawebusayiti amenewa nawonso amadzaza malonda pamasamba awo. Ndalama ikupangidwa ndithu, kungoti ikulowa m'thumba la munthu yemwe sanapeke, sanaimbe, sanalipire situdiyo.

Nkhaniyi ndi yakale. Napster, pulogalamu yogawana nyimbo pa intaneti, itayamba mu 1999, anthu ankapatsana nyimbo mwachisawawa mpaka makhoti a ku America anaiimitsa mu 2001. Spotify inabwera mu 2008 ndi ganizo loti munthu azimvera mosavuta koma mwini nyimbo azipezako kanthu.

Mwina munena kuti zomwe oimba amalandirazo n'zochepa, ndipo gawo lalikulu limatsalira makampani ojambulitsa nyimbo. Zoonadi, ndipo ndi chinthu choyenera kuchidandaula mokweza. Koma kuchepako si chifukwa chowalanda ndi kochepa komweko. Woimba wotchuka sangamve kuwawa. Amene amamva ndi wongoyamba kumene, yemwe chiwerengero cha omvera ndicho chimamutsegulira makomo kwa okonza zoimbaimba.

Ngati vuto ndi intaneti yodula kapena yodukaduka, njira zovomerezeka zilipo. Olipira pa Spotify ndi pa YouTube amatha kusunga nyimbo mu pulogalamu momwemo n'kumamvera popanda intaneti. Pa Bandcamp mumagula nyimboyo n'kukhala yanu. Pa SoundCloud oimba ena amatsegula okha batani lokopera, ndipo ena amatulutsa nyimbo zawo ndi chilolezo cha Creative Commons, chomwe chimalola anthu kukopera ndi kugawana. Pamenepo mwini wake wavomera, koperani ndi mtima umodzi.