Funsani Amalume: za cloud, imelo yabodza ndi makompyuta okalamba

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa anthu a mabizinesi, ndiye ndatolapo atatu. Inu a mafunso a mafoni otentha mudikire kaye.

Amalume muli bwanji. Ine ndimapikulitsa zitenje, shopu imodzi ili ku Kamwala ina pafupi ndi Soweto Market, ndiye zonse za katundu komanso maina a anthu angongole ndimalemba mu kompyuta imodzi ya ku Kamwala. Mwezi watha malaiti atabwera usiku kompyuta ija inangoti zii osayakanso, mnyamata wokonza akuti hard drive yapsa. Ngongole za miyezi 8 zapita ndipo ena manje ayamba kukana kuti sanatenge kanthu. Mwana wa achemwali anga akuti ikani zonse pa cloud. Nanga cloud yo ili kuti, amasunga ndani, sangandibere?
Mayi wa zitenje, Kamwala

Pepani kwambiri amayi. Choyamba hard drive yo musataye ndipo musalole aliyense azingoitsegulatsegula, nthawi zina chimapsa ndi kabodi ka magetsi chabe koma zolemba zili momwemo, alipo amisiri amene amatha kuzitulutsa ngakhale mtengo wake umawawa.

Cloud yo si mtambo ayi, dzina lokha ndi limene limasokoneza anthu. Ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza ma seva, makompyuta osanjikizana m'mashelefu ngati mabelo a salaula, mkati mozizira ngati mu filiji, mafani akungolira usana ndi usiku, jenereta ili chire panja. Inu mumangochita lendi kamalo mmenemo. Zili ngati kusiya chimanga mu shedi ya munthu wina yokhala ndi alonda m'malo mwa nkhokwe yanu ya kuseri kwa nyumba. Ndipo sikuti zonse zili ku America, Microsoft inatsegula nyumba zake zoterezi ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google nayo ku Johannesburg kumayambiriro kwa 2024. Ubwino wake kwa inu ndi woti kompyuta ikapsa buku la ngongole silipsa nayo, komanso shopu ya ku Soweto ndi ya ku Kamwala zimaona buku limodzi nthawi imodzi, mtsikana wanu akagulitsa mapisi 20 uko inu mwaona kale pa foni muli mu minibasi.

Koma mwana wa achemwali anuyo sanakuuzeni zonse. Shedi ija ili kutali ndipo msewu wopita kumeneko ndi intaneti, ikaduka mwatsala panja. Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja yaikulu, intaneti yathu imadutsa m'maiko oyandikana nawo kukalumikiza ku mawaya apansi pa nyanja, ndiye mu Meyi 2024 mawaya a EASSy ndi Seacom ataduka maiko angapo a chigawo chino kuphatikizapo Tanzania ndi Malawi anaona zakuda masiku angapo. Chaka chomwecho mukukumbuka madzi atachepa ku Kariba, malaiti amatha pafupifupi tsiku lonse mpaka netiweki ya foni nayo imafooka mabatire a pa nsanja akatha. Ndiye ngati mukusamukira ku cloud gulani rauta yolowa ma SIM awiri a makampani osiyana, kaya Airtel ndi MTN kaya Zamtel, ina ikagona ina idzuke yokha, muike ndi kabatire kake. Makampani akuluakulu amachita zomwezi, kungoti iwo amazipatsa dzina lonenepa loti SD-WAN. Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, inafika kuno mu Okutobala 2023 ndipo imathandiza, koma pa shopu ya zitenje ine ndikuona ngati ndi kupha khoswe ndi mfuti. Sankhaninso pulogalamu imene imalola kulemba ngakhale netiweki palibe nkudzatumiza yokha ikabwera.

Zina ziwiri mwachidule. Ambiri a cloud amalipiritsa mu madola mwezi ndi mwezi, kwacha ikagwa bilu imakwera inu musanawonjezere kanthu. Komanso maina, manambala a foni ndi ma NRC a makasitomala anu ndi nkhani ya lamulo, Data Protection Act ya 2021 ili ndi mfundo zake pa zosunga zinthu za anthu kunja kwa dziko, ndiye amene akukugulitsani pulogalamuyo mumufunse mosapita m'mbali kuti seva yake ili dziko liti.

Zoti angakubereni, kunena zoona si kawirikawiri wakuba kuthyola shedi ya Google, amalowera pa kiyi yanu, nkhani imeneyo ili m'munsimu. Chimene ndimaopa ine ndi china, wantchito akafufuta failo mwangozi pa kompyuta ya mu shopu, cloud nayo imamvera nkufufuta konsekonse. Loweruka lililonse muzikopera buku lonse pa fulashi nkupita nayo kunyumba, ndipo kamodzi pa mwezi muziitsegula muone ngati ikuwerengeka, ndaonapo anthu akusunga fulashi chaka chonse tsiku la tsoka nkupeza mulibe kanthu. UPS mugule, kabokosi ka batire koteteza kompyuta malaiti akathima kapena akabwera mwamphamvu, kompyuta yatsopanoyo isadzapsenso.

Amalume, ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kakampani ka matiraki cha ku Lumumba Road. Sabata yatha tinalandira imelo yochokera kwa amene amatigulitsa matayala yoti asintha akaunti ya ku banki, tilipire ku yatsopano. Invoisi inali yeniyeni, chidindo, siginecha, ndalama zake ndendende. Mwamwayi abwana anawaimbira pa nkhani ina ndiye mpamene tinadziwa kuti sanasinthe kalikonse. Anthu amenewa anadziwa bwanji kuti tili ndi invoisi yoti tilipire? Antivirus tili nayo yolipira.
Wa maakaunti, Matero

Achimwene, abwana anuwo muwagulire nkhuku. Antivirus yo ilibe mlandu, panalibe vairasi yoti igwire. Chimene chimachitika nchakuti wakuba amapeza pasiwedi ya imelo ya munthu mmodzi, mwina wa kwanu mwina wa kwa a matayala, nthawi zambiri kudzera pa kauthenga koti akaunti yanu itsekedwa dinani apa, munthu nkulemba yekha pasiwedi pa tsamba labodza. Akalowa sapanga phokoso ayi. Amakhala phee masabata akuwerenga makalata, kuphunzira amene amalipira ndani, mumalemberana motani, mwezi ukamatha ndalama zimayenda liti, kenako invoisi yeniyeni ikangotumizidwa iye amasintha nambala ya akaunti yokha basi. Yang'anitsitsani adiresi ya imelo ija chilembo ndi chilembo, kawirikawiri pamakhala kachinyengo kakang'ono, r ndi n zogundana zimaoneka ngati m, kapena pamene pamayenera kuthera .co.zm pathera .com.

Lero lomwe musinthe mapasiwedi onse, ndipo mulowe mu ma settings a imelo muone ngati palibe lamulo lotumiza makalata anu ku adiresi yachilendo, akubawa amakonda kusiya kamsampha kameneko kuti ngakhale musinthe pasiwedi azingowerengabe. Kenako yatsani zija zofunsa kachiwiri, pasiwedi kuphatikiza nambala yobwera pa foni, makamaka ya pa app ngati Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator chifukwa ya SMS munthu akakuberani SIM wapita nayo. Ndi yaulere koma maofesi ambiri mu Lusaka muno sanayatse, eti imachedwetsa. A matayala nawonso muwauze achite chimodzimodzi, mwina dzenje lili kwawo. Ndipo likhale lamulo la pa ofesi, wina akati tasintha akaunti muzimuimbira pa nambala yakale imene ili m'buku mwanu, osati imene yalembedwa mu imelo yomweyo.

Pomwe mwayamba kusesa sesani nyumba yonse. Ndikulosera kuti pasiwedi ya WiFi yanu madalaivala onse, amakanika ndi mayi wogulitsa nsima panja akuidziwa, ndipo kompyuta ya malipiro ili pa netiweki yomweyo. Ma rauta ambiri ali ndi guest network, alendo akhale kwaokha. Amene anasiya ntchito chaka chatha akaunti yake inatsekedwa? Nanga pasiwedi ija yomata pa sikirini ndi kapepala kachikasu? Makampani akuluakulu masiku ano akuyimba nyimbo ya zero trust, tanthauzo lake nlakuti ngakhale uli kale mkati mwa mpanda chitseko chilichonse chikufunsabe kuti ndiwe ndani, ndipo dalaivala sapatsidwa kiyi ya chipinda cha ndalama.

Musaganize kuti ndinu ochepa moti sangakuoneni, kapena kuti akubawa onse ali kutsidya kwa nyanja. Bank of Zambia yeniyeniyo inagwidwa ndi gulu la Hive mu Meyi 2022, aja otseka mafailo nkumafuna dipo, ndipo inakana kulipira. Mu Epulo 2024 ku Roma konkuno ku Lusaka anagwira anthu 77 pa kampani ina yobera anthu pa intaneti, ma SIM oposa 13,000 ali momwemo. Imelo yanuyo musafufute, ndi umboni, kaneneni ku polisi ndi ku ZICTA, bungwe loona za mafoni ndi intaneti, komanso ku banki imene kuli akaunti yabodzayo.

Amalume, pa sukulu yathu ya private ku Chilenje tili ndi makompyuta 12 a Windows 10, akuyenda bwinobwino. Ndi zoona kuti tiwataye?
Mphunzitsi, Chilenje

Kutaya ayi aphunzitsi. Microsoft inasiya kupereka zigamba zaulere za chitetezo cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, makinawo aziyakabe koma bowo latsopano likapezeka palibe wodzasoka. Vairasi ya WannaCry ya mu 2017 inasakaza kwambiri makompyuta osasokedwa ngati amenewa. Amene angalandire Windows 11 akwezeni, ambiri akale amakana chifukwa alibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Okanawo aikeni Linux Mint kapena Ubuntu m'malo mwa Windows, ndi zaulere ndipo ana aphunzirabe kutaipa ndi intaneti. Koma ija ya kwa a bursar yosunga za fizi ndiyo muyambe nayo sabata ino.