Kukaona bwalo la FNB: tsiku la mpira kapena tsiku wamba?

Owerenga wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira imelo kufunsa ngati n'kwanzeru kukaona bwalo la FNB, lomwe ambiri amalitcha Soccer City, pa tsiku lopanda masewero. Achimwene, funso lanu landikumbutsa manyazi anga, chifukwa ndinakhala ku Joni zaka zinayi ndikungoliona bwaloli pawindo la takisi, ndikudziuza kuti ndalama ya tikiti kuli bwino ikagule malata kumudzi.

Pamene ndinalimba mtima, ndinapita Lachiwiri m'mawa kulibe anthu. Kunja kwake bwaloli limaoneka ngati chipanda chachikulu, ndipo analimanganso motero pokonzekera World Cup ya 2010. Ndinaima m'kati ndikuyang'ana mipando yoposa 94,000 ili mbee, ndikuyesa kuganizira pomwe Siphiwe Tshabalala anamwetsa chigoli choyamba cha mpikisanowo posewera ndi Mexico, komanso mmene khamu linalandirira Nelson Mandela mu February 1990 atangotuluka m'ndende. Mbiri yonseyo ndinkaidziwa, koma mtima wanga sunagunde. Ndinangomva kulira kwa makina otchetchera kapinga.

Patapita miyezi ingapo, mnzanga wa ku Mangochi anandikokera ku masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates. Mkulu wina amene anakhala pambali panga, atavala chisoti chachikasu chodulidwa mwaluso, atangomva kuti ndine Mmalawi anandigwira dzanja n'kuyamba kutamanda Patrick Mabedi, yemwe anakhalapo kaputeni wa Chiefs. Nyimbo itayambika kuseri kwa golo n'kuzungulira bwalo lonse, simenti inkanjenjemera pansi pa mapazi anga. Kuyambira pamenepo sindigwirizana konse ndi anthu amene amapita pabwalo lopanda munthu kukajambulitsa chithunzi cha pa Facebook kenako n'kumanena kuti anafika ku Soccer City, pakuti chomwe anaona ndi chigoba chabe.

Tsono mupange bwanji?

Dikirani masewero aakulu, ndipo tikiti mugule pasadakhale kwa ogulitsa ovomerezeka, osati kwa anyamata oima panjira. Bwaloli lili ku Nasrec, pafupi ndi Soweto, ndipo msewu umadzaza msanga, choncho mufike kudakali maola awiri kapena atatu. Foni muisunge m'thumba lakutsogolo, ndipo mukakhala pakati pa ochemerera Chiefs musavale malaya a Pirates.