Mafunso a Pamsewu: Layisensi Yapezeka, Nanga Makiyi Aperekedwe Liti?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa makolo, aphunzitsi ndi achinyamata amene angoyamba kumene kugwira chiwongolero. Nkhawa yawo ndi yomveka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe nthenda imene imapha anthu ochuluka kuposa msewu. Akuyankha ndi alangizi athu a zoyendetsa galimoto.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 18 wangokhoza kumene mayeso oyendetsa galimoto. Akufuna ndimupatse makiyi Loweruka madzulo kuti akatenge anzake anayi. Mayi ake akukana. Ine ndikuti munthu wakhoza, ndiye vuto lili pati? Ndine bambo wa ana atatu.

YANKHO: Bambo, mayi akunyumbawo sakulakwa. Mayeso amaona ngati munthu angathe kunyamutsa galimoto osaizimitsa, kuibweza m'mbuyo, kunyamuka pachitunda ndi kuwerenga zikwangwani. Chimene mayeso sangayese ndi diso lozindikira ngozi isanafike. Dalaivala wozolowera akaona mpira ukugubudukira mumsewu, phazi lake limakhala lafika kale pabuleki, chifukwa akudziwa kuti kumbuyo kwa mpira kukubwera mwana. Akaona basi yaima, amayembekezera kuti wina atulukira kutsogolo kwake. Watsopano maso ake amakhala pamsewu wa pamphuno pa galimoto yakeyo, ndipo zonsezi amaziona zitafika kale. N'chifukwa chake miyezi yoyamba yoyenda yekha ndiyo yoopsa kwambiri pa moyo wonse wa dalaivala.

Mayiko ena anaziona izi n'kusintha malamulo. Dziko la New Zealand linayamba mu 1987 kupereka layisensi m'magawo, kuti wachinyamata asayende usiku kapena kunyamula anzake mpaka atazolowera. Chigawo cha Victoria ku Australia chimafuna kuti wophunzira wosakwana zaka 21 ayendetse maola 120 ali ndi munthu wamkulu pambali, ndipo 20 mwa maolawo akhale ausiku. Inu simufunika kudikira lamulo. Gulani kope, muzilembamo tsiku, mphindi zimene mwayenda, mtundu wa msewu ndi chimene chavuta. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: ulendo wa mphindi 30 kapena 40, katatu pa sabata, umapindulitsa kuposa kumuyendetsa tsiku lathunthu mpaka mutu kuuma.

Yambani ndi misewu yabata masana. Kenako mphambano zodzaza ndi za maloboti, ndiye msewu waukulu wa liwiro, ndiye usiku, ndiye pamvula ndi pamsewu wamiyala. Musamulumphitse gawo. Ali pachiwongolero, muuzeni kuti azilankhula zonse zimene akuona: "njinga kutsogoloku ikupepesuka, ndachotsa phazi pamoto, lole ija yayatsa indiketa, pagalasi ndikuona galimoto yandiyandikira." Poyamba zimaoneka zoseketsa, koma ndi njira yokhayo imene inu mungadziwire chimene sakuchiona. Malangizo muzipereka nthawi ilipo, monga "pamphambano yachiwiriyo tikhota", osati kukuwa mutafika kale. Akalakwitsa, aime pambali, mukambirane injini itazima. Munthu wokalipiridwa amaumitsa manja pachiwongolero ndipo amasiya kuyang'ana magalasi.

Tsono za anzake anayiwo. Galimoto yodzaza achinyamata ndi ina, si imene anayendetsa pamayeso ija. Imalemera, imachedwa kuima, mumakhala phokoso, ndipo pamakhala wina wonena kuti "iponde, amwene". Mbali ya ubongo imene imaletsa munthu kuchita zinthu mopupuluma imapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 20, ndiye mnyamata wodekha ali yekha amatha kusintha akakhala pamaso pa anzake. Ife tinganene kuti kwa miyezi 6 yoyamba asanyamule mnzake woposa mmodzi, asayende usiku kwambiri, mowa asaulawe n'komwe, foni ikhale m'chikwama. Muwonjezere lonjezo lanu: akatopa kapena akamwa, akuimbireni nthawi ina iliyonse, mukamutenga, ndipo mlandu mudzakamba kukacha. Loweruka lino, makiyi akhale kaye m'thumba mwanu.

FUNSO: Ndili ndi zaka 21 ndipo ndimaona kuti ndine wachangu kuponda buleki kuposa madala ambiri. Kodi kusiyana kwa liwiro la 30 ndi la 50 n'kwenikweni, kapena n'kungotiopseza? Ndine mnyamata wapasukulu yaukachenjede.

YANKHO: Achimwene, tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu watcheru amatenga pafupifupi sekondi imodzi kuchokera pamene waona chinthu kufika pamene phazi lagunda buleki. Pa liwiro la makilomita 30 pa ola, m'sekondi imeneyo mumayenda mamita 8, ndipo mabuleki abwino pamsewu wouma amafuna mamita ena 5. Zonse pamodzi ndi mamita 13. Pa 50, m'sekondi yomweyo mumayenda mamita 14. Taonani pamenepo: pamalo pamene wa 30 uja waima kale, inu simunayambe n'komwe kuponda buleki. Mwana amene wa 30 akanangomudzidzimutsa, inu mumugunda ndi liwiro lonse la 50.

Mtunda wa mabuleki sukula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Pa 50 mabuleki amafuna mamita 14, pa 100 amafuna 56, ndipo mukawonjezera mamita 28 a sekondi ija mwapitirira mamita 80. Changu chanu chikhoza kudula pang'ono gawo la sekondi lija, koma gawo la mabuleki silimva kuti ndinu wachinyamata. Limadalira matayala ndi msewu. Pamvula mtundawo umatalika kwambiri, ndipo tayala limene mizere yake yatsika kufika mamilimita 1.6 latha, limalephera kukankha madzi n'kuyamba kuyandama, chiwongolero n'kupepuka ngati chosalumikizidwa. Zikatero chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, musagwedeze chiwongolero.

Potsatira galimoto ina, sankhani mtengo kapena chikwangwani. Yakutsogolo ikachidutsa, werengani masekondi 3. Mukafikapo musanamalize, mwayandikira kwambiri. Pamvula werengani 6. Ndipo ngati galimoto yanu ili ndi ABS, chipangizo choletsa matayala kukhwekhwereza mukaponda buleki mwamphamvu, pangozi pondani buleki mwamphamvu osachotsa phazi. Chopondera chimanjenjemera ndi kulira, ambiri amachita mantha n'kuchisiya, pamene kumeneko ndiko kugwira ntchito kwake. Kayeseni kamodzi pabwalo lopanda anthu kuti phazi lizolowere.

FUNSO: Ndimaphunzitsa ana a zaka 6 mpaka 9. Timaimba nyimbo ya kuyang'ana uku ndi uku tisanawoloke, amaidziwa bwino, koma akaweruka amangothamangira mumsewu. Ndichite chiyani? Ndine mphunzitsi.

YANKHO: Aphunzitsi, nyimbo imalowa m'mutu koma sifika kumiyendo. Mwana wosakwana zaka pafupifupi 10 savutika kuona galimoto, amavutika kudziwa kuti ikubwera mwachangu bwanji. Amaganizanso kuti poti iye akuiona galimoto, dalaivala nayenso akumuona, ndiponso kuti galimoto imaima pomwepo monga amaimira iye. Msinkhu wake ndi waufupi, kuseri kwa galimoto yoimikidwa saoneka.

Atulutseni m'kalasi. Jambulani msewu pabwalo, ana ena akhale magalimoto, kenako pitani nawo kumsewu weniweni m'magulu a ana 5 kapena 6, aliyense awoloke ndi munthu wamkulu atanena yekha kuti "tsopano". Choyamba kuphunzitsa ndi kusankha powolokera: pamene akuona kutali mbali zonse, osati pokhota, pamwamba pa chitunda kapena pakati pa magalimoto oima. Aime sitepe imodzi kumbuyo kwa m'mphepete mwa msewu, ayang'ane mbali zonse kawiri, amvetsere, awoloke molunjika akuyenda ndawala osati kuthamanga, mutu ukuyang'anabe. Ngakhale pamizere yowolokera, adikire mpaka matayala aime ndipo aonane maso ndi dalaivala. Akatsika basi adikire ichoke kaye.

Pamene palibe njira ya oyenda pansi, aziyenda moyang'anizana ndi magalimoto obwera, mondondozana. Makolo muwauze kuti mwana wamng'ono amagwiridwa pamkono, chifukwa zala amapulumutsa mosavuta, ndipo mwanayo akhale mbali yakutali ndi magalimoto. Za malole muwauze zinthu ziwiri: ngati sakuona nkhope ya dalaivala pagalasi la lole, dalaivalayo sakuwaona, ndipo lole ikamakhota matayala akumbuyo amadula njira n'kudutsa pamene akutsogolo sanadutse.

FUNSO: Khanda langa ndimalinyamula pamiyendo ndikakhala kutsogolo, ndipo ndimaligwira zolimba. Pa ulendo waufupi pali vuto? Ndine mayi woyamwitsa.

YANKHO: Lilipo, mayi, ndipo ndi lalikulu. Kugunda chinthu pa liwiro la 50 n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamtunda wa mamita 10. Panthawi imeneyo mwana wa makilogalamu 10 amakoka manja anu ngati katundu wa makilogalamu 200 kapena kuposa, ndipo palibe manja amene angamugwire. Kumanga lamba mmodzi inu ndi mwana n'koipanso, chifukwa thupi lanu limamufinya. Khanda likhale pampando wake wa ana, kumbuyo, woyang'ana kumbuyo, pakuti mutu wake ndi wolemera ndipo khosi n'lanthete. Mpando wotere usaikidwe kutsogolo pamene pali airbag yogwira ntchito, thumba la mpweya limene limafufuma mwamphamvu pangozi. Wokulirapo akhale pampando womukweza mpaka atatalika masentimita 135 kapena kuposa, kuti lamba adutse paphewa ndi m'chiuno, osati pakhosi ndi pamimba. Inunso mangani wanu. Lamba wa paphewa ndi m'chiuno, amene Nils Bohlin wa kampani ya Volvo anakonza mu 1959, amachepetsa pafupifupi ndi theka chiopsezo cha imfa kwa okhala kutsogolo.

FUNSO: Ndikaika foni pa sipika, manja onse ali pachiwongolero, ndiye kuti zili bwino? Ndine mtsikana woyendetsa kumene.

YANKHO: Ayi, chemwali. Wogwiritsa ntchito foni akuyendetsa amakhala pachiopsezo cha ngozi pafupifupi kanayi kuposa wosagwiritsa, ndipo sipika sichotsa zambiri, chifukwa chimene chachoka pamsewu ndi maganizo. Uthenga wolemba ndiye woipitsitsa: masekondi 5 maso ali pafoni, pa liwiro la 90, ndi mamita 125, kupitirira bwalo la mpira mutatsinzina.

FUNSO: Anzanga amati ukamwa mabotolo awiri, kenako khofi wowawa ndi kusamba madzi ozizira, umatha kuyendetsa. Zoona? Ndine mnyamata wa zaka 23.

YANKHO: Khofi amangokusandutsani woledzera wosagona. Mowa umachotsedwa ndi chiwindi, pafupifupi kabotolo kamodzi kakang'ono pa ola, ndipo palibe chofulumizitsa. Amene wamwa mpaka pakati pausiku akhoza kudzuka m'mawa mowa ukadali m'magazi. Choyamba kuwonongeka si miyendo, ndi nzeru yoweruzira mtunda ndi liwiro, n'chifukwa chake munthu amadzimva kuti akuyendetsa bwino kuposa kale. WHO imalangiza kuti mowa m'magazi a madalaivala atsopano usapitirire 0.02 g/dl (magalamu 0.02 pa mamililita 100 a magazi), zimene tinganene kuti ndi kusamwa n'komwe. Tulo nato musatipeputse: munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuchitapo kanthu mofanana ndi wa mowa wa 0.05. Musanapite kokasangalala, gwirizanani amene sadzamwa, ndipo makiyi akhale kwa iyeyo kuyambira pachiyambi.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi amakwera njinga yamoto popita kusukulu. Chipewa choteteza mutu amavala koma samanga, akuti chingwe chimamukwiyitsa pakhosi. Ndine mayi wodandaula.

YANKHO: Chipewa chosamanga chimavuka munthu akangouluka, mutu n'kufika pansi uli wokha. Chovalidwa bwino chimachepetsa kuvulala kwa mutu ndi pafupifupi 70 pa 100 iliyonse. Chingwe chimangidwe mpaka pakati pa icho ndi chibwano pangolowa zala ziwiri. Akagwedeza mutu chipewa chisasewere, ndipo mukachikoka kuchokera kumbuyo chisavuke. Ngati chikumupweteka, n'kutheka kuti si saizi yake: muyezeni mutu ndi tepi pamwamba pa nsidze mugule chogwirizana ndi masentimitawo. Chimene chinagundapo pansi mwamphamvu chisinthidwe ngakhale kunja chikuoneka chabwino, chifukwa thovu louma la m'kati likaphwanyika kamodzi silibwereranso. Chipewa cha omanga nyumba sichilowa m'malo. Panjinga akhale motangadza, mapazi onse pazopondera, nsalu yolendewera aipinde isafike pa tcheni kapena masipoko, ndipo potsika atsikire mbali yopanda paipi yotulutsa utsi, chifukwa imawotcha mwendo.