Alamu, za chi Buick chija

Eee alamu mwaswera bwanji kumeneko, ndangoti ndijambule mawu chifukwa kuti ndizilemba ndi chala tifika mawa. Ndaona funso lanu pa gulupu, mwati chigalimoto chili pa sitetasi chija ndachiguliranji chakale chonchija, chachitali ngati chonyamula maliro, pomwe ndalama yomweyo bwenzi nditapeza ka Toyota kabwinobwino, ndiye pansi pake mwawonjezanso kuti ngati n'chotchipa ndikusakireni china nditumize ku Lilongwe. Chabwino, tiyambe ndi loyambalo.

Imene ija ndi Buick Roadmaster Estate ya 1995. Za malirozo simunaname ayi, analipo makampani ankatenga ma Roadmaster ndi ma Cadillac a zaka zomwezo n'kuwasandutsa onyamula maliro, koma iyi anaipangira banja. Kutalika kwake ndi mamita 5.5, kulemera pafupifupi matani awiri, imanyamula anthu 8, atatu kutsogolo, atatu pakati, kenako awiri kumbuyo kwenikweni pa kampando koyang'ana komwe mukuchokera. Ana kampando kameneko amachita kulimbirana, amakhala akubayibitsa magalimoto akumbuyo ulendo wonse ndipo madalaivala a mathiraki amawayankha ndi hutala. Pamwamba pa mpando wapakati pali galasi, amene wakhala pamenepo amaona mitambo ndi nsonga za mitengo. Matabwa mukuwaona m'mbalimo si matabwa enieni, ndi pepala la pulasitiki lomata, amangokumbukira kale lija pomwe ma station wagon oyambirira ankakhomadi ndi matabwa. Ndiye chitseko chakumbuyo, ichi ndiye chimandisangalatsa, mutha kuchitsegula cham'mbali ngati cha nyumba kapena kuchigwetsa pansi ngati cha pikiapu n'kukhalapo, galasi lake limatsegukanso palokha. Mukapinda mipando plywood yathunthu imalowa chogona chitseko n'kutsekeka bwinobwino.

Mukukumbuka ma Peugeot 504 aatali aja tinkawaona tili ana, mmene ankayandamira pa msewu atadzaza anthu ndi katundu? Ndiye muganize zomwezo koma chachikulu kuposa pamenepo, chofewa kuposa pamenepo. Giya ili pa chiwongolero, mpando wakutsogolo ndi wotambalala munthu umangokhala tasa, ukalowa msewu waukulu injini imangong'ung'udza pansipansi, mumacheza m'galimoto osakweza mawu. Ine kuntchito ndimapita pa kagalimoto kakang'ono kaja, iyi ndi ya Loweruka ndi Lamlungu basi. Tikatuluka ku tchalitchi timalongedza nsima mu fuduwoma, nyama, mbaula, mipando yopinda, timatenga ana athu ndi a banja lina lachimalawi la kuno ku South Bend ku America, ulendo ku Lake Michigan, kudutsa New Buffalo n'kumatsata Red Arrow Highway pang'onopang'ono mpaka St. Joseph. Sitithamanga. Kale tikafuna ulendo wotere timapita magalimoto awiri, kumaimbirana foni kuti muli pati, pano tonse tili mmodzimodzi, nyimbo zakwathu zikulira, azimayi akukambirana zawo pakatipo. Chimene ndinagulira n'chimenecho alamu, ndipo Toyota ya mtengo umenewo siikanandipatsa.

Komanso muone, kuno anthu amaikonda galimoto imeneyi mwamtundu wina. Kungoima pothira mafuta pamabwera munthu. Tsiku lina mayi wina wachikulire ndithu, tsitsi lonse mbuu, anapempha kuti ndimutsegulire kumbuyo, anaima pamenepo kugwiragwira kampando kaja, akuti bambo ake anali ndi ya Ford ndipo iye ndi mchemwali wake anakulira pa kampando ngati kameneko popita kwa agogo awo. Tinacheza mpaka wina kumbuyo analiza hutala kuti tisunthe pa pampu. Kwa iwowa ndi ubwana wawo, chifukwa magalimoto amenewa anatha. Chrysler itatulutsa minivan ya 1984 mabanja anayamba kuthawira kumeneko, kenako kunabwera ma SUV, Ford inasiya Country Squire mu 1991, ndiye GM, kampani yopanga Buick, nayo mu 1996 inasiya Roadmaster ndi inzake Chevrolet Caprice, fakitale yake ya ku Arlington ku Texas anayamba kupangirako ma SUV. Ndiye yangayi ili m'gulu la zomalizira zenizeni.

Injini yake ndi V8 ya malita 5.7 yotchedwa LT1, mahosipawa 260, ya banja limodzi ndi ya Corvette, galimoto yaliwiro ya Chevrolet, yomweyonso anaiika mu Caprice ya apolisi. Apa mpofunika kusamala chaka, LT1 ili mu za 1994 mpaka 1996 zokha, za 1992 ndi 1993 injini ndi 5.7 yomweyo koma mphamvu 180 basi. Nchifukwa chake ine ndinadikira mpaka nditapeza ya 1995. Mafuta imamwa inde, mtauni ndi makilomita 7 kapena kuposerapo pang'ono pa lita, koma pa msewu waukulu imafika 10 mwina 11, zimene kwa chigalimoto chotere si zoipa.

Pogula chimene ndinaopa kwambiri ndi dzimbiri. Kuno nthawi yozizira amathira mchere m'misewu kuti ayisi asungunuke, mchere umenewo umadya galimoto kuyambira pansi, pamwamba penti ikuwala koma chesisi itaola. Ndinapita ndi tochi ndi sikuludiraiva, kugona pansi pa katoni, kugogoda chesisi makamaka cha kumatayala akumbuyo, kutsata mapaipi a mabuleki, kuyang'ana posungira tayala la sipeya. Mwini wake anali mdala wina wopuma pantchito, ankaisunga mu galaja nthawi yonse ya sinowo, ndipo anandipatsa chikwama cha malisiti a sevisi kuyambira kalekale. Ine ndatengera zomwezo, sinowo ikangoyamba ndimaifunditsa mpaka mvula ya mu Epulo itatsuka misewu. China ndi distributor yake, yogawa moto ku mapulagi, amaitcha Optispark, anaiika kutsogolo kwa injini pansi pa pampu ya madzi, ndiye pampu ikangoyamba kudontha madzi amagwera pamenepo, galimoto imayamba kudukiza kapena kukana kulira kumene. Ndinauza makaniko asinthe pampuyo nditangogula, osadikira. Oyilo wa giyabokosi nayenso mumununkhize, akamveka kupserera muisiye galimotoyo. Masipeya a injini, mabuleki ndi zina zapansi savuta chifukwa ndi ofanana ndi a Caprice, chovuta ndi zakunja, magalasi aatali akumbuyo aja, magetsi akumbuyo, timapulasitiki tam'mbali, zimenezo mpaka usake kwa ophwasula magalimoto.

Tsopano za kutumiza ku Lilongwe, apa ndikuuzeni mosabisa alamu, iyayi musatero. Chiwongolero chili kumanzere, kwathuko timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye taganizani mukufuna kupitirira thiraki pa M1 inu muli mbali ya kutchire simukuona kutsogolo, mukudalira amene wakhala pambali panu. Msonkho wa ku MRA umakwera ndi kukula kwa injini ndiponso zaka za galimoto, iyi ili nazo zonse ziwiri, mukaphatikiza ndi sitima mtengo wotchipa uja watheratu. Kenako mafuta, mmene mumandiuzira za mizere pa filing'i siteshoni, chi 5.7 mudzachidyetsa chani? Ndi yotsika komanso kumbuyo kwake n'kwakutali, msewu wa kumudzi nthawi ya dzinja idzangokhalira pansi. Ndipo Optispark ija ikafa, m'mashopu a ku Area 2 mudzazungulira mpaka kutopa, galimoto idzakhala pa mawe miyezi kudikira kachinthu kochokera kuno. Ngati mukufuna yaitali yonyamula banja ndi matumba, Fielder ikukwanani, amakaniko onse amaidziwa ndipo sipeya ili paliponse, ngati mukufuna mipando yambiri onani Sienta kapena Noah. Mukaipeza munditumizire zithunzi za pansi pake ndi za injini tionere limodzi musanapereke ndalama.

Loweruka ndijambula vidiyo mumve kulira kwake ndiponso muone kampando kakumbuyo kaja, ndiponya pa gulupu pompano. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana, muwauze amayi kuti ndiwaimbira Lamlungu madzulo.