Tifunseni: Unzika wa Britain umayamba ndi kuwerenga masiku

Ndine namwino, ndakhala kuno zaka 7, ndipo ILR (chilolezo chokhala ku Britain mopanda malire a nthawi) ndinalandira miyezi 14 yapitayo. Chaka chino ndinapita kumudzi ku Ntcheu kukadwazika amayi anga mpaka tinawaika m'manda. Ndinakhalako masiku 118. Kodi ndingapemphe unzika panopa? *Mayi wa ku Leicester*

Pepani ndi zovutazo, mayi. Koma fomuyo musatumize kaye.

Lamulo lomwe a Home Office (unduna wa Britain woona za unzika) amatsata, British Nationality Act la 1981, limafuna zingapo kwa amene sali pabanja ndi nzika ya Britain: zaka 18 zakubadwa kapena kuposerapo, zaka 5 zokhala m'dzikomo movomerezeka, ndiponso miyezi 12 chilandirireni ILR. Zonsezi mwakwanitsa. Mwakodwa pa masiku. M'zaka 5 zomalizazo simuyenera kukhala kunja masiku oposa 450, ndipo m'miyezi 12 yomaliza musapyole masiku 90. Inu muli pa 118.

Wounika fomu ali nayo mphamvu yokhululuka, makamaka ngati mwapyola pang'ono, ndipo matenda ndi maliro a kholo ndi chifukwa chomveka. Koma chifundo chotere si ufulu wanu, ndipo akakukanani, ndalama yofunsira sibwerera. Kuyambira mu April 2025 mtengo unali mapaundi 1,605, kuwonjezerapo 130 ya mwambo wolumbira, zonse pamodzi 1,735. Mukakanidwa amabweza ya mwambo yokhayo. Kuika ndalama yotere pa chiswe n'kosafunika, pomwe mankhwala ake n'kudikira basi. Miyezi 12 ija amaiwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera tsiku lomwe alandira fomu. Ndiye likakwana tsiku lomwe munanyamuka chaka chathunthu chapitacho, masiku a ulendowo amayamba kuthothoka limodzilimodzi. Dikirani mwezi wina umodzi pamwamba pake, mudzapeza kuti mwatsika pansi pa 90, bola musatulukenso m'dziko pakatipa.

Powerenga, tsiku lonyamuka ndi tsiku lobwerera salowa m'chiwerengero; amawerenga masiku athunthu okha omwe munali kunja. Tengani mapasipoti onse, ndi lakale lomwe linatha, mutsegule tsamba ndi tsamba. Zidindo za pa Kamuzu International Airport kapena pa Chileka ndizo zingakuthandizeni kwambiri, popeza Britain sadinda munthu potuluka. Pomwe chidindo chafufutika, funani matikiti a ndege mu imelo.

Pali msampha winanso womwe anthu sauona. Pa tsiku lomwe a Home Office alandira fomu, muyenera kuti zaka 5 zapitazo, tsiku ngati lomwelo, munali m'dziko la Britain ndi mapazi anu. Amene amakonda kupita kumudzi pa Khirisimasi, n'kudzatumiza fomu pa 28 December chifukwa ali pa tchuthi, angapezeke kuti tsiku lomwelo zaka 5 zapitazo anali ku Ntcheu akudya mbuzi. Sankhani tsiku loti sabata yonse yozungulira tsikulo, zaka 5 m'mbuyomo, munali ku Britain.

Mkazi wanga ndi nzika ya Britain. Anzanga akuti ndiye kuti ine mayeso sandikhudza. N'zoona? *Bambo wa ku Glasgow*

Akunamizani, bambo. Ukwati umafupikitsa nthawi yokha: zaka 3 m'malo mwa 5, masiku akunja osapyola 270, ndipo mukangolandira ILR simudikira miyezi 12. Malire a masiku 90 aja akadalipo, mayeso nawonso ali pomwepo.

Mayeso a Life in the UK, ofunsa za moyo wa ku Britain, ndi mafunso 24 m'mphindi 45, pa kompyuta, ndipo muyenera kukhoza 18. Amalipiritsa mapaundi 50 nthawi iliyonse mukalemba. Ngati munakhoza kale pofunsira ILR, simulembanso. Pa Chingelezi amafuna mulingo wa B1, kulankhula ndi kumva. Apa a Malawi ambiri amakwiya, poti taphunzira m'Chingelezi kuyambira ku pulayimale, koma Malawi, Zambia ndi Zimbabwe sali pa mndandanda wa maiko omwe anthu ake sayesedwa. Satifiketi ya MSCE siithandiza. Digiri yophunzitsidwa m'Chingelezi imathandiza, koma ngati ndi ya kunja kwa Britain, monga ya ku University of Malawi, iyambe yatsimikizidwa ndi bungwe la Ecctis. Amene akwanitsa zaka 65 sayesedwa mayeso onse awiri.

Zaka 4 zapitazo anandilipiritsa chindapusa chifukwa chothamangitsa galimoto. Ndilembe, kapena ndingosiya poti n'zazing'ono? *Wowerenga wa ku Luton*

Lembani. Chindapusa chimodzi cha pamsewu, cholipiridwa pa nthawi yake, nthawi zambiri sichimanitsa munthu unzika. Chomwe chimamanitsa ndi kubisa. A Home Office amafufuza okha ku polisi ndi ku maofesi ena a boma, ndipo akapeza chinthu chomwe inu simunatchule, nkhani imasiya kukhala ya galimoto n'kukhala ya chinyengo. Wogwidwa ndi bodza angathe kumakanidwa kwa zaka 10.

Gawo la khalidwe labwino limafika patali kuposa milandu ya kukhoti. Amayang'ana ngati mumalipira msonkho, makamaka amene amadzilemba okha ntchito, ngongole ya council tax (msonkho wa kukhonsolo), ngongole ya NHS (zipatala za boma), komanso ngati munakhalapo m'dziko visa itatha kapena kugwira ntchito popanda chilolezo. Kuyambira pa 10 February 2025, amene analowa m'dziko mozemba nthawi zambiri amakanidwa ngakhale patapita zaka zochuluka bwanji. Ngati mbiri yanu ili ndi banga lotere, onanani ndi loya wovomerezeka wa nkhani zolowa ndi kutuluka m'dziko musanalipire, osati m'bale wa kutchalitchi amene "amadziwa mafomu".

Fomu ya unzika imafunanso mboni ziwiri zokuikirani umboni, ndipo nazonso zikhale zoyenera. Onse akhale oti akudziwani zaka 3, osati achibale anu, ndiponso osakhala pachibale iwo okha. Mmodzi akhale wa ntchito yodziwika, monga mphunzitsi kapena namwino, wa dziko lililonse. Winayo akhale ndi pasipoti ya Britain, wa zaka zoposa 25 kapena wa ntchito yodziwikanso.

Ndikalumbira kwa Mfumu Charles, pasipoti yanga ya Malawi ndiye yatha? Nanga ana? *Mayi wa ku Manchester*

Britain sakukakamizani kutaya unzika wanu wakale. Kumbali ya Malawi, lamulo la 1966 linkaletsa unzika wa maiko awiri, koma Nyumba ya Malamulo inalisintha mu December 2018, ndipo tsopano nzika yobadwa nayo ingathe kukhala ndi uwiri. Sizichitika mwakachetechete: muyenera kudziwitsa nthambi ya Immigration ku Malawi ndi kulembetsa. Ofesi ya kazembe wa Malawi ku London ingakuuzeni mafomu ake.

Ana salowa pa unzika wanu ngati katundu wa m'chikwama. Mwana wobadwira ku Britain inu mutalandira kale ILR ndi nzika chibadwire. Wobadwa ILR isanabwere, kapena wobadwira ku Malawi, amalembetsedwa payekha pa fomu ya MN1 asanakwanitse zaka 18, ndipo ali ndi mtengo wakewake. Mwana wa zaka 17 musamuzengereze.

Fomu ikapita ndipo mwakajambulitsa nkhope ndi zala, yankho limabwera kawirikawiri pasanathe miyezi 6. Akavomera, muli ndi miyezi 3 yoti mukonze mwambo wolumbira ku khonsolo ya dera lanu. Simuli nzika kufikira mutalumbira n'kulandira satifiketi m'manja. Ikangofika, funsirani pasipoti ya Britain msanga, chifukwa ILR imathera pomwepo ndipo satifiketiyo siikweza munthu ndege. Tikiti ya ku Lilongwe mudzagule pasipoti itafika pakhomo.